Pulojekita njabwino, koma musagulitse TV

Alamu anga adagulitsa TV yawo mwezi wa September. Sikuti idafa ayi. Idali ya mainchesi 32 ndipo inkaonetsa bwinobwino. Chidachitika n'chakuti mwana wawo wachisamba, yemwe akugwira ntchito ku Johannesburg, adawatumizira kakatoni pa basi, ndipo m'kakatonimo mudatuluka kachipangizo kosaposa botolo la thobwa. Ati ndiyo pulojekita yamakono, yoti ukailozetsa kukhoma imaonetsa kanema wamkulu ngati chitseko chogoneka.

Usiku woyamba kuiyatsa ndidalipo. Tidachotsa kalendala ndi chithunzi cha ukwati pakhoma la pabalaza, tidazimitsa getsi, mdima bii, kenaka khoma lonse lidangoti ngwee. Ana adakuwa ndi chimwemwe. Agogo awo, omwe 7 koloko imawapeza ali m'bulangete, adakhala pampando mpaka filimu kutha. Ana a kwa aneba adadzaza pakhomo, ena kusuzumira pazenera.

Filimu itatha alamuwo adanditembenukira.

"Alamu, mwadzionera nokha. TV ija yatha ntchito. Mawa ndiipezera wogula."

Ndidawapempha kuti adikire kaye sabata imodzi, koma adangoseka. Lachiwiri TV idanyamulidwa pa kabaza. Paja akuluakulu adati chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Loweruka lake kudali mpira wa ku England woyamba 4 koloko masana. Alamu adaitana anzawo asanu, adalumikiza dikoda, adayatsa. Pakhoma padangooneka mbuu, osewera ngati mizukwa, mpira osadziwika komwe uli. Adapachika mabulangete m'mazenera n'kutseka chitseko. Chithunzi chidabwerako pang'ono, koma mukudziwa mmene nyumba ya malata yopanda siling'i imatenthera mu September. Chigawo choyamba chisadathe, alendo adatsanzika mmodzimmodzi kukamalizira mpirawo kumsika.

Sindikuwaseka alamuwo. Ndalemba izi chifukwa timapulojekita timeneti tafika ponseponse. Tili m'masitolo a zamagetsi ku Limbe ndi ku Lilongwe, tikutsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo abale athu a ku South Africa akutitumiza ngati mphatso. Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, kapena Khirisimasi ikayandikira, mabanja ambiri akhala akufunsana ngati n'koyenera kugula.

Maganizo anga ndi awa: pulojekita yonyamulika ndi chinthu chabwino, ndipo banja lomwe lingakwanitse ligule. Koma ndi chipangizo cha usiku, choonera pamodzi, osati cholowa m'malo mwa TV. Wotulutsa ndalama asadamvetse zimenezi adzalira.

Tiyambe ndi zomwe zidagwetsa alamu anga. TV ili ndi galasi lakuda ndipo imatulutsa kuwala kwake kulunjika m'maso mwanu. Pulojekita imaponya kuwala pakhoma, inu n'kumaona kobwerera. Ilibe njira yoponyera mtundu wakuda. Malo akuda pachithunzi ndi pomwe yangosiya osawalitsa, kutanthauza kuti kuda kwa chithunzi chanu ndi mdima wa m'chipinda chanu chomwecho. Dzuwa likalowa pazenera, khoma lawala kale, ndipo kachipangizoko kamakhala ngati tochi yoyatsidwa masana.

Chinanso, mukamakulitsa chithunzi kuwala kumagawika. Ufa ukakhala womwewo koma akudya achuluka, phala limasukuluka. Chithunzi cha mainchesi 100 ndi masentimita 221 chopingasa ndi 125 choimirira, malo okula pafupifupi kakhumi kuposa TV ya mainchesi 32. Mukachoka pa mainchesi 50 kufika pa 100, malo akula kanayi ndipo kuwala kwatsika kanayi. Choncho mawu a pabokosi oti imaonetsa mpaka mainchesi 150 kapena 200 ndi oona pokhapokha ngati simusamala kuti mukuona chiyani.

Kuwala kwa pulojekita kumayesedwa m'malumeni. Apa mpomwe pagona chinyengo chachikulu. Pabokosi la kapulojekita kotchipa mupeza patalembedwa 8,000 kapena 12,000 ndi zilembo zikuluzikulu, koma nambala zimenezi kawirikawiri sizikhala za kuwala kofika pakhoma. Muyeso wodalirika ndi wolembedwa kuti ANSI lumens kapena ISO lumens. Wa ANSI udakhazikitsidwa ndi bungwe loona za miyezo ku America, ndipo amaupeza poyeza kuwala m'malo 9 a pachithunzi chenichenicho.

Yerekezani ndi zopangidwa ndi makampani odziwika. Nebula Capsule 3 ya kampani ya Anker ili ndi malumeni a ANSI 200 okha. MoGo 2 Pro ya XGIMI ili ndi a ISO 400. Ngati zodula ngati zimenezi zikulekezera pamenepo, kotchipa koposa zonsezi kangafike bwanji pa 12,000? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musaganize kuti nambala zokokomeza ndi za opanda dzina okha. Kampani ya Epson yakhala ikutengera kukhoti ku America makampani angapo pa nkhani yomweyi. Mu 2023, XGIMI idavomera kutsitsa nambala ya pulojekita yake ya Horizon Pro kuchoka pa 2,200 kufika pa 1,500. Ngati kumeneko anthu amakokerana kukhoti chifukwa cha malumeni, ife ogula pamsika tisamangokhulupirira bokosi.

Langizo langa n'lotere. Yosaposa malumeni a ANSI 200 imafuna mdima weniweni ndi chithunzi cha mainchesi 60 kapena kucheperapo. Ya pakati pa 300 ndi 500 ikhoza kukupatsani mainchesi 80 mpaka 100 usiku, getsi litazimitsidwa. Yoti muonere masana imafuna malumeni zikwi ziwiri kapena zitatu, ndipo imeneyo ndi ija yaikulu ya m'maofesi ndi m'matchalitchi, yosalowa m'thumba komanso yodya magetsi ambiri.

Tsono onani nthawi ya zomwe mumakonda kuonera. Mpira wa ligi yathu umaseweredwa masana. Wa ku England wa Loweruka umayamba 4 koloko kapena 5 koloko nthawi ya kuno, dzuwa likadalipo. Nkhani za masana, mapemphero a Lamulungu m'mawa, makatuni a ana akaweruka kusukulu, zonsezi n'za TV. Cha pulojekita ndi filimu ya pambuyo pa nsima yamadzulo ndi mpira wa Champions League wa 9 koloko kapena 10 koloko usiku.

Msampha wachiwiri ndi wa 4K. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri, ndipo timadonthoto tikachuluka chimaoneka mwatchutchutchu. Cha 720p chili ndi timadontho 1,280 chopingasa ndi 720 choimirira, tonse pamodzi 921,600. Cha 1080p chili ndi toposa 2 miliyoni, pomwe cha 4K chili ndi toposa 8 miliyoni.

Mabokosi ambiri amalemba kuti 4K supported. Mawuwa amangotanthauza kuti kachipangizoko kamalandira filimu ya 4K, kenaka n'kuiphwanya kuti ikwane m'timadontho take tochepa. Mawu ofunika kuwafunafuna ndi native resolution, omwe amabisika m'tizilembo tating'ono kumbuyo. Tija toyera tokhala ngati chitini chopendekeka pa mwendo, totengera maonekedwe a The Freestyle ya Samsung yomwe idatuluka mu 2022, tambiri ndi ta 720p ngakhale pabokosi pali 4K.

Kodi 720p njoipa? Ayi. Pa mainchesi 60, mutakhala patali pang'ono, filimu imaoneka bwino ndithu. Koma mukaikulitsa kufika 100 mudzayamba kuona timabokosi ngati mukuonera kudzera pa sefa, ndipo zolemba za pansi pa filimu ndi zigoli za pakona zimavuta kuwerenga. Gulani 720p mukudziwa kuti ndi 720p, pa mtengo wa 720p.

Musadapite kusitolo, yezani pabalaza panu. Zambiri zimafuna mtunda wa mamita pafupifupi awiri ndi theka kuti zipereke mainchesi 100, ndipo pakati pa kachipangizoko ndi khoma pasamadutse munthu. Nyumba zathu zambiri za lendi pabalaza pake mpochepa, podzaza mipando, kabati ndi njinga. Kwa alamu anga aliyense wopita kukhitchini amasanduka chimthunzi chachikulu pakati pa filimu.

Khoma nalo ndi mbali ya chipangizocho. La njerwa zosapaka pulasitala silithandiza. Lopaka penti wobiriwira kapena wabuluu limasintha nkhope za anthu, ndipo penti wonyezimira amathobwa m'maso. Chofunika ndi khoma losalala, loyera, losanyezimira. Laimu wamba amagwira ntchito bwino. Ngati eninyumba salola kupenta, nsalu yoyera yokhuthala yokokedwa bwino pa timatabwa ikwanira. Musataye ndalama pa sikirini yodula musadayese zimenezi.

Tibwere ku magetsi, poti ogulitsa amakonda kunena kuti iyi ndiye njira yothana ndi kuzima kwa magetsi. Nkhawayi njomveka. Tonse tikukumbukira mdima wa mu 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu January n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Koma kunyamulika sikutanthauza kuti ili ndi batire. The Freestyle ndi MoGo 2 Pro zilibe batire m'kati. Zokhala nalo, monga Capsule 3, zimalonjeza maola awiri ndi theka, ndipo kuti zifike pamenepo zimachepetsa kuwala. Mpira umodzi utha bwino, koma filimu ya ku India ya maola atatu mudzamalizira kulota.

Ena amati adzagwiritsa ntchito power bank. Tiwerengere limodzi. Yolembedwa 20,000 mAh imasunga mphamvu yokwana mawatsi 74 kwa ola limodzi. Pulojekita yodya mawatsi 50 ithera pa ola limodzi ndi mphindi zochepa, poti mphamvu ina imatayika m'njira. Komanso si power bank iliyonse yomwe ingaiyatse. Ija yotchajira foni nthawi zambiri imachepa mphamvu, imafunika yolembedwa kuti PD yotulutsa mawatsi omwe pulojekitayo ikufuna.

Amene muli ndi sola muli pabwino. Batire la 12V 100Ah, mutagwiritsa ntchito theka lake kuti lisafe msanga, likhoza kuiyendetsa maola ochuluka ndithu. Koma dziwani kuti TV ya LED ya mainchesi 32 imadyanso mawatsi ofananako, choncho pa magetsi pokha palibe chomwe mwapulumutsa. Ndipo kaya ndi TV kaya pulojekita, magetsi akazima zulani kukhoma. Pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali.

Nanga liwu loti smart? Limatanthauza kuti m'kati muli kakompyuta kolumikiza pa intaneti, kotsegula YouTube ndi zina popanda dikoda. Apanso pali kusiyana. Zina zili ndi Google TV kapena Android TV yovomerezeka, yoyenda bwino ndi rimoti. Zotchipa zambiri zili ndi Android ya pa foni yongoikidwamo, yovuta kuyendetsa, ndipo Netflix imakana kapena imaonetsa chithunzi chosalongosoka chifukwa chipangizocho sichidavomerezedwe. Mukayesa kutumiza filimu ya Netflix kuchoka pa foni, nthawi zambiri pakhoma pamangoti bii, mawu okha ndiwo amamveka. Si kuonongeka, ndi loko yotetezera mafilimu kuti asakopedwe.

Funso lalikulu ndi la bandulo. Netflix eniake amati ola limodzi la chithunzi wamba limadya mpaka 1GB, ndipo la HD mpaka 3GB. Pa foni munthu amapirira chithunzi chotsika chifukwa galasi ndi laling'ono, koma pakhoma zilema zonse zimaonekera, ndiye mufuna HD. Filimu imodzi ya maola awiri ikhoza kumeza 6GB. Werengerani mtengo wa bandulo yotere, muchulukitse ndi Maloweruka anayi a pamwezi.

N'chifukwa chake ndimati kwa ife mabowo a kumbuyo ndi ofunika kuposa liwu la smart. Pakhale polowetsa chingwe cha HDMI kuti mulumikize dikoda, kaya ndi ya DStv, GOtv, Azam kapena Kiliye Kiliye, poti pulojekita payokha sigwira wailesi za kanema ndi mlongoti. Pakhale polowetsa fulashi. Pakhalenso kabowo kotulutsira mawu ku sipika, chifukwa timasipika ta m'kati ndi tofooka, kafani koziziritsa kamachita phokoso, ndipo mvula ikagunda pa malata simudzamva kanthu. Sipika ya Bluetooth imathandiza, koma nthawi zina mawu amabwera pakamwa patatsekedwa kale. Chingwe sichinama.

Tsopano za magemu, poti m'mabanja ambiri wokakamiza kugula ndi mnyamata wa ku sekondale. Mwana wachiwiri wa alamu anga adabwereka PlayStation 4 kwa mnzake kuti aone mpira wa gemu pakhoma. Padangotha mphindi zisanu adaika pansi chogwirira.

"Amalume, ndikadina kuti ndimenye, mpira ukuchedwa kuchoka. Andilanda katatu."

Ine ndi maso anga sindidaone vuto, koma mnyamatayo ankanena zoona. Pali kanthawi pakati pa kudina batani ndi kuona zotsatira pakhoma. M'mabuku a zipangizozi amakalemba kuti input lag, ndipo amakayeza m'ma ms. Sekondi imodzi ili ndi ma ms 1,000. Gemu yoonetsa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa ma ms pafupifupi 17 aliwonse, choncho pulojekita yochedwa ndi ma ms 100 ili m'mbuyo ndi zithunzi 6. Poonera filimu zilibe kanthu, poti simukudina chilichonse. Koma pa EA Sports FC, gemu ija inkatchedwa FIFA mpaka 2023, kapena pa eFootball ndi magemu omenyana, zithunzi 6 ndi chigoli.

Wofuna kusewera afunse ngati ili ndi Game Mode, ndipo kuchedwa kwake kusapose ma ms 40 kapena 50. Aiike molunjika pakati pa khoma, chifukwa luso lija lowongola lokha chithunzi mukaiika pambali limawonjezera kuchedwa komanso limadya timadontho. Alumikize ndi HDMI, osati kudzera pa Wi-Fi. Amene mukadali ndi PlayStation 2 ya zingwe zitatu, yachikasu, yofiira ndi yoyera, dziwani kuti zambiri zamakono zilibe polowetsa zimenezo, mudzafunika kabokosi kosinthira. Za magemu oseweredwa pa intaneti popanda makina, zomwe zimatsatsidwa pa zina zodula, zimafuna intaneti yothamanga yosadukiza, osati ya bandulo ya pa foni.

Kunena mosabisa, pa gemu ya mpikisano TV wamba imaposa timapulojekita tambiri. Koma gemu ya magalimoto kapena yoyendayenda m'nkhalango, abale awiri atakhala pamkeka, pakhoma imakoma zedi.

Chomaliza pa zovuta ndi fumbi. Pabokosi amalemba kuti getsi lake la LED limakhala maola 20,000 kapena 30,000. Pa maola atatu patsiku, maola 20,000 ndi zaka 18. N'zoona getsilo likhoza kufika, koma chopha kachipangizoko si getsi. Kafani kake kamakoka mpweya kuti kaziziritse m'kati, ndipo ife okhala m'mbali mwa msewu ndi pafupi ndi msika tikudziwa zomwe mpweya wa October umanyamula. Zotchipa zimakhala ndi kagalasi kamodzi ka LCD kosatsekeredwa bwino. Fumbi likalowa mumaona timadontho takuda pachithunzi, ndipo kutentha kukapitirira pamabwera chibanga chachikasu chosachoka. Zolembedwa DLP nthawi zambiri zimakhala zotsekeredwa bwino, koma n'zodulirapo.

TV ikafa, pa tauni iliyonse pali mmisiri wodziwa kuitsegula, ndipo zida amazipeza. Kapulojekita kakapsa galasi, mmisiri yemweyo adzangokupukusirani mutu. Ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja sichogula kawiri. Choncho isungeni m'thumba lake mukamaliza, musaiike pabedi kapena pa nsalu yotseka timabowo ta mpweya, ndipo ana asamayang'ane m'diso lake ikamawala.

Wina afunsa kuti, zovuta zonsezi, bwanji ndikunenabe kuti njabwino? Ena anena kuti ndi zamanyado, feteleza akudula, fizi ikudikira. Ameneyo sindikutsutsana naye. Ngati ndalama ndi ya feteleza kapena ya sukulu, palibe chokambirana. Ngati m'nyumba mulibe chionetsero chilichonse ndipo mungakwanitse chimodzi chokha, gulani TV. Ndikuyankhula ndi banja lomwe TV lili nayo kale ndipo pali kangachepe kapadera, kapena lomwe m'bale wafunsa kuti atumize chiyani.

Chifukwa changa n'chakuti ndidaona zomwe kachipangizoka kadachita m'nyumba ya achemwali anga. Amsinkhu wanga mukukumbukira galimoto ya kanema ikabwera pabwalo la sukulu, nsalu yoyera itapachikidwa, mudzi wonse utakhala pansi. Dziko lino lidalibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka 1999. Tinkaona filimu kamodzi pachaka, koma tinkaiona tonse, ndipo tinkaikamba mwezi wathunthu.

Lero zoonera zachuluka koma aliyense ali payekha. Bambo ali pa foni pabalaza, mayi ali pa foni kuchipinda, mtsikana wafunda bulangete ndi foni. Mnyamata wapita ku vidiyo kumsika, m'kanyumba ka mdima komwe mwana wa zaka 10 amalowa bola akhale ndi ndalama yolipira pakhomo, ndipo palibe kholo lodziwa filimu yomwe ikuonetsedwa 8 koloko usiku. Amabwera fungo la fodya lili thoo, ndi mawu omwe sadawamvere pakhomo.

Pulojekita ili ndi khalidwe lomwe foni ilibe: siibisika. Chomwe chili pakhoma aliyense akuchiona. Imafuna kuti getsi lizimitsidwe, mipando isunthidwe, anthu agwirizane filimu imodzi. Zomwe ndatchula ngati zovuta zija ndi zomwenso zimaisandutsa mwambo wa banja. Siyatsidwa tsiku lonse ngati TV yongolira popanda woonera. Imatuluka m'thumba nthawi yake, ndipo ikatha imabwerera.

Kwa alamu anga tsopano imatuluka Lachisanu ndi Loweruka, nsima ikadyedwa ndi mbale zitatsukidwa. Mnyamata uja ku vidiyo adachepetsa, poti kanema wa kwawo ndi wamkulu kuposa wa kumsika, ndipo anzake ndiwo amabwera. Achemwali anga amati bola phokoso la ana asanu ndi atatu pabalaza kusiyana ndi kudikira mmodzi pakhonde osadziwa komwe ali.

Loweruka lina, mwana wa ku Johannesburg uja atawalipirira Netflix ndi bandulo, tidaonera The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya mu 2019 yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Kuona minda, njinga ndi misika yonga yathu itadzaza khoma kudatikhudza tonse. Chiwetel Ejiofor atayamba kuyankhula, agogo adatembenuka.

"Kodi bambo awa Chichewa chawochi n'cha kuti?"

Tidaseka mpaka kuimitsa filimu. Koma itafika pa njala, agogo omwewo adayamba kufotokozera adzukulu za 2002, mmene anthu ankagonera pamzere wa chimanga ndi zomwe ankadya kuti afike mawa. Anawo adali asadamvepo. Sabata yotsatira tidaonera vidiyo ya ukwati wa alamuwo, ana n'kumaona achibale omwe adatisiya ali amoyo, akuvina, aakulu ngati alowa m'nyumba. Palinso mafilimu athu, monga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise a Shemu Joyah, omwe adapangidwira chinsalu chachikulu osati galasi la foni.

Komabe khoma silisankha filimu, amasankha ndi makolo. Rimoti ikhale ndi wamkulu. Masiku a sukulu ikhale m'thumba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2019 kuti ana osakwana zaka ziwiri asamaonetsedwe kanema, ndipo a zaka ziwiri mpaka zinayi asapose ola limodzi patsiku. M'mera mpoyamba.

Amene mukuganiza zolipiritsa aneba pakhomo, dziwani kuti pamenepo mwachoka pa za banja mwalowa bizinesi. Kuonetsa kanema kwa anthu molipiritsa kumafuna chilolezo cha bungwe la Censorship Board, komanso pali COSOMA yoteteza eni ntchito za luso. Kafunseni kaye.

Tsono mukatsimikiza zogula, musapite nokha ndipo musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyamulani fulashi yokhala ndi filimu yomwe mumaidziwa, ndipo ngati cholinga ndi magemu, mnyamatayo anyamule makina ake. Pemphani kuti aiyatse. Muione getsi la m'sitolo likuyaka, muionenso atazimitsa. Bwererani m'mbuyo mpaka chithunzi chifike kukula komwe mukufuna kunyumba, osati kaching'ono kowala komwe wogulitsa akuonetsani pafupi ndi khoma.

Yang'anani m'makona ngati zolemba zikuwerengeka, poti zotchipa zambiri pakati pamaoneka bwino koma m'mbali muli chifunga. Muonetse chithunzi choyera kuti muone ngati muli madontho kapena chibanga. Imvani phokoso la kafani. Funsani malumeni a ANSI ndi native resolution, ndipo yankho likakhala loti "iyi ndi original, bwana", dziwani kuti simudayankhidwe. Onaninso pulagi, poti zochokera ku South Africa ndi ku China sizilowa m'masoketi athu a mabowo atatu amakona popanda chosinthira.

Wogulitsa wokana kuyatsa katundu wake, musiyeni ndi katundu wakeyo. Wa pa Facebook wofuna kuti mutumize ndalama yonse musadaone chinthu, musiyeninso. Mukalipira tengani lisiti lolembedwa dzina la sitolo, mtundu wa chipangizo ndi miyezi yomwe angakubwezereni chikafa. Popanda lisiti, ngakhale mutakadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, poyambira padzavuta. Safunsa adadya phula.

Amene mukutumiziridwa ndi m'bale wa kunja, musachite manyazi kumuuza zomwe mukufuna. Mumuuze kukula kwa pabalaza panu, ngati mukufuna ya batire, ndiponso kuti nambala za pabokosi azikaikire. Thukuta lake la kuchilendo lisathere pa chinthu chokagona m'kabati.

Alamu anga adagulanso TV mu November, yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mainchesi 24, pa mtengo woposa womwe adagulitsira yawo ija. Ili pakona, ndipo ndiyo ya nkhani ndi mpira wa masana. Kalendala ndi chithunzi cha ukwati adazisamutsira kukhoma lina, ndipo khoma lalikulu lija adalipakanso laimu. Tsiku lina ndidawapeza mnzawo wa kutchalitchi akuwafunsa ngati naye agule. Alamu adamulozera pampando.

"Achimwene, bwerani Loweruka 7 koloko mudzaione, mudzabwerenso Lamulungu 2 koloko masana mudzaionenso. Mukatero mudzagule. Koma TV yanu musaikhudze."